Mankhwala akatuluka m'thupi amapita kuti? Mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Vubwi

Pafupifupi nyumba iliyonse kuno ku Vubwi ili ndi kathumba kake ka mankhwala. Kena kali m'chitini pamwamba pa kabati, kena anakatsomeka ku denga kuti ana asakafikire. Mukakamasula mupeza Panadol, makapisozi awiri atatu amene anatsala mwana atayamba kusewera, Flagyl wa chaka chatha, ndi timapiritsi toyera timene m'nyumbamo palibenso akukumbuka ntchito yake. Ubwino wa mankhwala tonse tikuudziwa, ndipo ambiri tili moyo lero chifukwa cha iwo. Chimene sitikambirana n'chakuti mankhwala amakhala ndi ulendo wina akatuluka m'thupi kapena tikawataya, ndipo ulendowo umadutsa m'nthaka, m'chitsime ndi m'dimba lathu lomwe.

Kodi chinthu chochiritsa munthu chingawononge bwanji nthaka ndi madzi?

Thupi silitha piritsi lonse. Limatengapo zimene likufuna, zotsalazo zimatuluka mu mkodzo ndi m'chimbudzi, zina zikadali ndi mphamvu yake yonse. Munthu akamwa amoxicillin, woposa theka amatuluka mu mkodzo osasinthika pakangotha maola ochepa. Lamivudine, amene ali m'piritsi la ma ARV lomwe ambiri amamwa tsiku lililonse, amatuluka pafupifupi 70 peresenti momwe analowera. Metformin wa matenda a shuga amatuluka pafupifupi yense.

Kwathu kuno zonsezi zimathera m'dzenje la chimbudzi, kapena patchire. Mvula ikagwa mu Januwale, madzi a pansi amakwera, n'kukumana ndi zimene zili m'dzenjemo, n'kuyenda pang'onopang'ono pansi pa nthaka kulowera kumunsi. Kumunsiko n'kumene kuli dambo, ndipo kudambo n'kumene tinakumba chitsime chothiririra repu ndi tomato. Onjezanipo mankhwala amene timataya kudzala, ndowe za ng'ombe zimene zabayidwa jekeseni, ndi phulusa la zinyalala za kuchipatala. Pali njira inanso imene sitiiona chifukwa ili kutali: mankhwala ambiri amene timamwa amapangidwa ku India ndi ku China, ndipo mitsinje ya pafupi ndi mafakitale ena kumeneko inapezeka ndi mankhwala ochuluka zedi.

Zimenezi zinapezekadi kuno ku Zambia, kapena ndi nkhawa za anthu a ku Ulaya?

Zinapezeka. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2020 anayeza madzi a ku Chunga, ku Lusaka: a mumtsinje, a pansi pa nthaka ndi a zonyansa za m'zimbudzi. Anapezamo mankhwala opha tizilombo monga sulfamethoxazole, amene ali mu Septrin, komanso ma ARV. Mu 2022, akatswiri otsogozedwa ndi yunivesite ya York ku England anafalitsa zotsatira za mitsinje 258 m'mayiko 104. Pa malo anayi alionse amene anatungapo madzi, amodzi anali ndi mankhwala ofika pa mlingo wodetsa nkhawa. Mitsinje yoipitsitsa sinali ya ku Ulaya ayi. Inali ya ku Lahore, ku La Paz ndi ku Addis Ababa, m'madera amene mankhwala amapezeka koma zonyansa sizisamalidwa bwino.

Vubwi si Lusaka, anthu ake ndi ochepa ndipo amakhala motalikirana. Koma ku Vubwi madzi amene timamwa ambiri sadutsa m'makina oyeretsa. Achoka pansi n'kulowa m'ndowa.

Nanga choopsa chake n'chiyani? Kodi munthu angadwale chifukwa chomwa madzi oterowo?

Tinene chilungamo: mankhwala opezeka m'madzi amakhala ochepetsetsa, moti simungamwe kapu imodzi n'kugwa. Vuto lalikulu ndi la tizilombo. Mlimi aliyense amadziwa zimene zimachitika akasungunula mankhwala a mbozi ndi madzi ochuluka pofuna kuti akwane munda wonse: mbozi zofooka zimafa, zolimba zimatsala n'kuswana, chaka chamawa mankhwala omwewo sagwiranso. Tizilombo toyambitsa matenda timachita chimodzimodzi. Tikamakumana ndi amoxicillin wochepa tsiku ndi tsiku, m'thupi, m'chimbudzi kapena m'matope a m'khola, timazolowera. Kenako mwana akadwala chibayo n'kupatsidwa amoxicillin yemweyo, kutentha thupi sikutsika.

Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu 1.27 miliyoni anafa pa dziko lonse chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zinachuluka kwambiri mu Africa muno kumwera kwa Sahara. Boma la Zambia lili ndi ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya zaka 2017 mpaka 2027, ndipo inaphatikiza dala za umoyo wa anthu, ziweto ndi chilengedwe. Kwa munthu wa ku Vubwi nkhaniyi ndi yowawa mwapadera. Mankhwala oyamba akalephera, achiwiri amakhala odula, kawirikawiri a jekeseni, ndipo amafuna kugonekedwa, mwina mpaka ku Chipata kapena ku St Francis ku Katete. Amene adziwa mtengo wa ulendowo nthawi ya dzinja amvetsa.

Nyama nazo zimavulala. Ku India alimi ankabaya ng'ombe mankhwala ochepetsa ululu otchedwa diclofenac. Miimba yodya mitembo ya ng'ombezo inkafa ndi matenda a impso, ndipo kuyambira m'ma 1990 inatha ndi oposa 95 peresenti. Mitembo inayamba kuwolera poyera, agalu olusa anachuluka. Dzikolo linaletsa kubaya ziweto mankhwalawo mu 2006, kuwonongeka kutachitika kale.

Ndiye kuti tichepetse kumwa mankhwala amene atipatsa kuchipatala?

Ayi, ndipo pano pasakhale kusamvana. Amene ali pa ma ARV apitirize tsiku lililonse. Amene ali pa mankhwala a TB atsirize miyezi yake isanu ndi umodzi. Wamkulu amene wapatsidwa Coartem amwe mapiritsi onse 24 m'masiku atatu, ngakhale atamva bwino tsiku lachiwiri. Moyo wa munthu sugulitsidwa pofuna kuteteza dambo. Ndipo kusiyira panjira n'kumene kumaipitsa zinthu kawiri: tizilombo timatsala m'thupi titalawa mankhwala, pomwe mapiritsi otsalawo amakalowa m'kathumba kaja, kudikira kupatsidwa kwa mlendo wodwala mutu kapena kutayidwa kudzala.

Tsono tingachepetse pati?

Pa mankhwala amene timamwa popanda chifukwa, ndipo ndi ambiri kuposa mmene timavomerezera. Chimfine ndi chifuwa chambiri zimayamba ndi mavairasi, amene amoxicillin sawakhudza ngakhale pang'ono. Komabe ambiri a ife tikatuluka m'chipinda cha adokotala ndi Panadol yekha timayenda tikung'ung'udza kuti sanatithandize, ndipo madzulo omwewo timakagula makapisozi anayi pa kantemba. Anayi! Mlingo wosakwana kuchiza chilichonse, koma wokwana kuphunzitsa tizilombo. M'misika ya m'malire, kumene katundu amadutsa kuchokera ku Malawi ndi ku Mozambique, mapiritsi ena amagulitsidwa atakhala padzuwa tsiku lonse, opanda bokosi, opanda tsiku lotha ntchito. Lamulo la mankhwala la 2013, limene linakhazikitsa bungwe la ZAMRA, limafuna kuti wogulitsa mankhwala akhale ndi chilolezo. Wopanda chilolezo sakuchitirani chifundo, akungokugulitsani.

Kutsegula m'mimba kwa ana ndi chitsanzo chimene chili pafupi nafe. Nthawi zambiri mwana safunika Flagyl kapena Septrin. Amafunika madzi a moyo, zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndi kupitiriza kuyamwa ndi kudya. Anthu a ku Katete ayenera kukumbukira kuti m'zaka za 2012 ndi 2013 boma lawo, pamodzi ndi la Kalomo, n'kumene bungwe la ColaLife linayesera Kit Yamoyo, kapaketi kokhala ndi madzi a moyo ndi zinki pamodzi, kogulitsidwa m'timagolosale ta m'midzi. Chotengera chake chinkagwiranso ntchito ngati choyezera madzi. Mu 2019 bungwe la WHO linaika madzi a moyo ndi zinki zopakidwa pamodzi pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira. Maganizo amene anayesedwa m'midzi ya Achewa anafika mpaka ku bungwe la WHO, ndipo n'zachisoni kuti m'midzi yomweyo mayi wina akadapatsa mwana kapisozi wothyola pakati.

Malungo nawo: si kutentha thupi konse kumene kuli malungo. Kuyeza magazi pa chala kumatenga mphindi 15 kapena 20 basi. Ngati chipangizo chaonetsa kuti mulibe, Coartem sathandiza, ndipo matenda enieni amapitirira kukula osadziwika.

Kupewa ndiko kumachotsa mankhwala ambiri. Kuyambira 2013 ana a ku Zambia amalandira katemera wa chibayo ndi wa rotavirus kusikelo. Mwana aliyense amene sanadwale chibayo chifukwa cha katemerayo ndi botolo limodzi la amoxicillin limene silinatsegulidwe.

Mankhwala otsala kapena otha nthawi amene ndili nawo m'nyumba ndiwatani?

Abwezeni kuchipatala kapena kukiliniki, m'mapaketi mwake momwe, tsiku limene mukupita kusikelo kapena kukatenga mankhwala ena. Perekani kwa anamwino kapena kwa amene amagawa mankhwala, muwauze kuti ndi otsala. Pakadali pano asungeni pouma, kutali ndi ana.

Musawaponye m'chimbudzi, chifukwa ndiye mwawatumiza nokha ku madzi a pansi. Musawataye kudzala kumene nkhuku, nkhumba ndi ana amafukula. Musawaponye pamoto wophikira, chifukwa moto wa nkhuni sufika potentha mokwanira kuwawononga, ndipo utsi wa pulasitiki yake umalowa m'mapapo mwa amene akuphika. Madzi akatayika saoleka, ndipo mankhwala akalowa m'chitsime palibe nsalu yosefera imene ingawachotse. Kuwiritsa ndi klorini zimapha tizilombo, ndipo tipitirize kuzichita, koma sizichotsa mankhwala ambiri.

Amoxicillin wa madzi wa ana akasungunulidwa sakhalitsa, makamaka m'nyumba yopanda firiji. Botolo lotsala lisasungidwire m'bale wake amene adzadwale mwezi wamawa. Pachifukwa chomwechi, WHO ndi UNICEF amalimbikitsa amoxicillin wa mapiritsi osungunuka m'madzi pang'ono kapena mu mkaka wa m'mawere: safuna firiji, ndi wopepuka kunyamula, ndipo sasiya theka la botolo. Ndipo timabotolo ta mankhwala tisamaikemo mchere, mafuta ophikira kapena fodya wa mphuno.

Mwina mufika pakiliniki n'kupeza kuti palibe bokosi lolandirira mankhwala otsala. Funsani ndithu. Anthu khumi akafunsa funso lomwelo, nkhaniyo imafika pa msonkhano.

Achipatala akalandira amapita nawo kuti? Si kungowotcha kuseri kwa chipatala?

Aliyense amene anazungulirapo kuseri kwa kiliniki ya kumudzi amakadziwa kang'anjo ka njerwa kokhala ndi chumuni, chitseko chake chachitsulo chitachita dzimbiri, pambali pake dzenje la phulusa. Wogwira ntchito amathiramo mabokosi achikasu a masingano, magolovesi, thonje lamagazi ndi timachubu ta diripi, n'kuthira parafini pang'ono. Utsi umatuluka wakuda, wonunkha pulasitiki, ndipo mphepo ikatembenuka umalowera kumene amayi oyembekezera akuphika. Ng'anjo yotero ili bwino kuposa kutaya masingano poyera. Koma si malo owonongera mankhwala. WHO imanena kuti zinyalala za kuchipatala ziyenera kupsa pa madigiri 850 mpaka 1,100. Pulasitiki ina ikapsa pa moto wochepa imatulutsa poizoni wotchedwa dioxin, amene amagwera pa udzu ndi m'nthaka, n'kulowa m'mafuta a ziweto, m'mazira ndi mu mkaka, ndipo amakhala m'thupi la munthu zaka zambiri.

Njira yoyenera ndi yakuti mankhwala otha nthawi alembedwe m'buku, atsekeredwe paokha, atumizidwe ku ofesi ya zaumoyo ya boma, kenako akawonongedwe kumene kuli ng'anjo zotentha mokwanira. ZAMRA imayang'anira za mankhwala, pomwe ZEMA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2011, limayang'anira zinyalala zoopsa. Kumene ng'anjo yotero ili kutali, WHO imalola kuika mapiritsi m'mgolo n'kuthiramo simenti kuti aumire momwemo asanakwiriridwe pamalo osankhidwa.

Pali zinthu ziwiri zimene kiliniki iliyonse ingachite popanda kudikira ndalama za ku Lusaka. China ndi kupatula zinyalala. Malinga ndi WHO, pafupifupi 85 peresenti ya zinyalala za kuchipatala ndi wamba, monga mapepala, makatoni ndi zotsala za chakudya, ndipo 15 peresenti yokha ndiyo yoopsa. Zikasakanizidwa m'bini imodzi, zonse zimasanduka zoopsa ndipo zonse zimawotchedwa. Chinacho ndi kusamala shelefu: mankhwala amene atsala pang'ono kutha nthawi aikidwe kutsogolo, atuluke poyamba, ndipo ngati achuluka atumizidwe msanga kukiliniki ina imene ikuwasowa. Bungwe la ZAMMSA, limene linalowa m'malo mwa Medical Stores, lili ndi nkhokwe ku Chipata, ndipo limatumiza mankhwala potengera malipoti ochokera m'zipatala. Lipoti lolembedwa mongoyerekeza limabala makatoni owolera m'sitolo kuno, pomwe kutsidya kwa phiri wodwala akubwezedwa chimanjamanja.

Za ziweto zikubweramo bwanji?

Zikubweramo kwambiri, chifukwa chigawo cha Kum'mawa ndi cha ng'ombe, nkhumba, mbuzi ndi nkhuku. Chitopa chikalowa m'mudzi, ambiri amatsegula kapisozi wa anthu n'kuthira ufa wake m'madzi a nkhuku. Chitopa ndi vairasi, kapisoziyo sachita kanthu, nkhuku zimafabe, ndipo madzi otsalawo amakhuthulidwa pabwalo pamene ana amakwawa. Chimene chimateteza nkhuku ndi katemera, woperekedwa matenda asanafike.

Ng'ombe ikangozizidwa, ena amathamangira oxytetracycline osafunsa alangizi a ziweto, mlingo wake wongoganizira. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku amene ayenera kudutsa mkaka usanamwedwe kapena nyama isanadyedwe. Amene amagulitsa mkaka masikuwo asanakwane akumwetsa ana a anzake mankhwala amene sanawapemphe. Madzi otsukira pampu yopopera nkhupakupa nawo asakhuthulidwe mumtsinje, chifukwa amapha nsomba.

Maneti a udzudzu nawo ndi mankhwala?

Ali ndi mankhwala ophera udzudzu m'ulusi mwake, ndipo mankhwalawo ndi poizoni kwa nsomba ndi tizamoyo ta m'madzi. Neti isachapidwe mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Chapirani m'beseni, madziwo muthire pa nthaka youma kutali ndi madzi, muyanike pamthunzi. Kuwedza ndi neti kumakokolola ngakhale tiana ta nsomba, ndipo usiku womwewo mwana amagona osafunda neti, mawa lake n'kufunika Coartem. Neti yong'ambikiratu isawotchedwe pabwalo.

Kodi chimbudzi chili ndi mbali yanji pa nkhaniyi?

Anthu a ku Vubwi safunika kuuzidwa zambiri. Mu Januwale 2023 kolera inabuka m'boma lino, pa nthawi imene inali itavuta kwambiri ku Malawi ndi ku Mozambique. Njira imene kolera imayenda kuchoka m'chimbudzi kufika m'kapu ndi yomweyo imene zotsalira za mankhwala ndi tizilombo tosamva mankhwala zimayendamo. Chimbudzi chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, chikhale kumunsi kwake, ndipo dzenje lisafike pa madzi a pansi. Chitsime chikhale ndi chivundikiro ndi simenti mozungulira. Pakhomo pa chimbudzi pakhale madzi ndi sopo, kapena phulusa. Mudzi umene wachita zimenezi umadwala kochepa, umamwa mankhwala ochepa, ndipo ochepawo safika msanga m'madzi. Mitsinje yambiri ya kuno imatsikira ku Mozambique, kotero zimene timathiramo zimakamwedwa ndi abale athu a tsidya linalo.

Ndamva kuti mankhwala amathandiziranso kusintha kwa nyengo. N'zoona?

N'zoona, koma gawo lathu ndi laling'ono. Lipoti la 2019 la bungwe la Health Care Without Harm linati ntchito zaumoyo pa dziko lonse zimatulutsa 4.4 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko, ndipo woposa theka umachokera ku United States, China ndi mayiko a European Union. Timapampu topumira ta anthu a mphumu tili ndi mpweya wotenthetsa dziko kuposa utsi wamba kambirimbiri, ndipo mayiko olemera akusintha mitundu yake. Wodwala mphumu wa ku Vubwi asasiye kapampu kake chifukwa cha nkhaniyi. Kakatha akabweze kuchipatala, asakaponye pamoto chifukwa kamaphulika.

Ndani ayambe?

Wodwala ali ndi mbali yake, ndipo taitchula. Koma si bwino kuuza mayi woyenda wapansi makilomita ambiri kuti abweze mapiritsi, pomwe kumene akupitako kulibe powalandirira. Vubwi inakhala boma palokha mu 2012, itapatulidwa ku Chadiza, ndipo zambiri zikumangidwabe. Ino ndiyo nthawi yoti pomanga kiliniki yatsopano, dzenje la phulusa, ng'anjo yabwino ndi kachipinda kotsekera mankhwala otha nthawi zilowe m'pulani kuyambira pachiyambi. Ndalama za chitukuko za CDF zimene zimamanga zipatala zazing'ono zingathenso kulipirira zimenezi ngati anthu atazitchula m'misonkhano ya m'mawadi. Galimoto imene imabweretsa makatoni a mankhwala isamabwerere yopanda kanthu pamene m'sitolo muli otha nthawi. Mafumu ndi anyakwawa a m'dera la a Mfumu Pembamoyo ali ndi mawu pa kumene chimbudzi chikumbidwe ndiponso pa amene amayala mapiritsi pamsika.

Inu amene muli m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwanu, pa msonkhano ukubwerawu pemphani bokosi lokhoma loti anthu aziponyamo mankhwala otsala, liikidwe pamene amagawira mankhwala, ndipo mufunse kuti likadzaza adzalitenga ndani ndipo lidzapita kuti.